Mukufuna MBA kuno ku Joni? Yambirani ku SAQA, sukulu ibwere pambuyo

Pafupifupi Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, anthu ali kalikiliki kugula usipa ndi ufa wobwera ndi matransipota, pamapezeka wina wondikokera pambali. "Achemwali, paja inu munapanga MBA. Ine ndiyambire pati?" Ena amadikira usiku n'kutumiza uthenga wamawu pa WhatsApp, wotalika ngati ulaliki wa pa Pasaka. Ndayankha mpaka malovu kuuma, ndipo ndaona kuti ndikamayankha choimirira ndimaiwala zofunika zenizenizo. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomupatsa awerenge. Kwa osaidziwa, MBA ndi digiri ya masters ya kayendetsedwe ka bizinesi.

Ndikulankhula ndi inu amene digiri yanu ndi yakumudzi, kaya ya ku Chanco, ku Poly, ku Bunda, ku Mzuni, ku Nguludi kapena kwina, ndipo mukukhala muno mu Johannesburg kapena mukuganiza zobwera. Chaka cha maphunziro kuno chimayamba mu Januwale kapena Febuluwale. Ngati mukufuna kudzakhala m'kalasi nthawi imeneyo, muyambe kuyendayenda mu Malichi wa chaka cham'mbuyo mwake. Chifukwa chake muchiona tikafika pa nambala 3.

1. Dziwani kaye makwerero akuno

Maphunziro onse a dziko lino anawasanja pa makwerero a masitepe 10 otchedwa NQF. Matric ili pa 4, dipuloma pa 6, digiri yoyamba ya zaka zitatu pa 7, honours ndi postgraduate diploma pa 8, masters pa 9, PhD pa 10. Kale munthu ankalowa MBA ndi digiri wamba. Kuyambira cha mu 2016 MBA inakhazikitsidwa pa 9 ngati masters ina iliyonse, ndipo kuti mulowe muyenera kukhala mutaponda kale pa 8. Achimwene anu omwe anamaliza mu 2012 akakuuzani kuti "ine ndinangopita ndi digiri yanga basi", sakunama ayi, koma akukulozerani msewu womwe unatsekedwa.

Makwererowa amawerenganso nthawi. Credit imodzi imayimira maola 10 a kuphunzira, ndipo MBA sichepera ma credit 180. Amenewo ndi maola 1800. Mukawagawa pa zaka ziwiri, ndi maola oposa 17 mlungu uliwonse, pamwamba pa ntchito, ana, mapemphero ndi mzere wa matekisi pa Bree. Khalani pansi muwerengere zimenezi musanatulutse randi ndi imodzi yomwe.

2. Sonkhanitsani mapepala akumudzi

Mukufunika satifiketi yeniyeni ya digiri, osati kalata yoti mwamaliza ndipo mukudikira tsiku la chipewa. Mukufunikanso transcript, lomwe ndi pepala losonyeza phunziro lililonse ndi malikisi ake kuyambira chaka choyamba mpaka chomaliza; satifiketi ya MSCE yochokera ku MANEB; ndi pasipoti yomwe siyatsala pang'ono kutha. Ngati yatsala miyezi yochepa, yambani zoikonzetsa lero, musadikire kalata yasukulu.

Mukamapempha transcript ku ofesi ya registrar, pempheranitu zinthu zina ziwiri. China ndi kalata yonena kuti maphunziro anu onse anali m'Chingerezi, chifukwa nthawi zina imakupulumutsani ku mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS. China ndi kapepala kofotokoza kuti Distinction, Credit ndi Pass ndi malikisi angati. Munthu wokhala mu ofesi ku Parktown sadziwa kuti Credit yathu munthu amaitulukira thukuta, amangoona mawu achilendo.

Mapepala akafika, ayaleni onse patebulo muwerenge dzina lanu chilembo ndi chilembo. Ife Amalawi pamenepa timagwa ambiri. Pa MSCE muli ndi dzina la agogo omwe anakulerani, pa digiri munawonjezera dzina laubatizo, pa pasipoti muli ndi la amuna anu. Kumudzi aliyense akudziwa kuti ndinu munthu mmodzi, koma kompyuta ikuona anthu atatu. Ngati kusiyanako kunabwera ndi ukwati, ikanipo satifiketi yaukwati. Ngati n'kwina, pitani kupolisi mukalembe affidavit, kalata yolumbira yonena kuti maina onsewo ndi anu, ndipo muziiphatika paliponse pomwe mukutumiza mapepala.

Makope adinditseni kupolisi komweko, salipiritsa. Tengani mapepala enieni kuti wapolisi afananize, ndipo dziwani kuti maofesi ambiri amakana chidindo chopyola miyezi itatu. Posikana, pitani pamalo pomwe pali makina abwino. Chithunzi cha pafoni chojambulidwa pabedi, chala chanu chikuoneka pakona, amachibweza.

3. SAQA: pomwe anthu amatayira chaka

SAQA ndi South African Qualifications Authority, bungwe la boma lomwe lili ku Pretoria. Pa nkhani yathuyi limachita zinthu ziwiri. Limatsimikiza kuti pepala lanu ndi lenileni, lochokera kusukulu yovomerezeka kwawo, kenako limanena kuti pa makwerero aja likukhala pa sitepe iti. Zikatha mumalandira Certificate of Evaluation, yomwe tonse timangoti "SAQA". Mukamva wina akusangalala kuti "SAQA yanga yatuluka", akunena pepala limeneli. Popanda ilo, digiri yanu kwa a sukulu ndi chithunzi chokongoletsa pakhoma chabe.

Kulembetsa kwake sikuvuta. Pa webusaiti yawo mumatsegula akaunti, mumatumiza mapepala, mumasaina fomu yowalola kufufuza za inu, mumalipira, n'kulandira nambala ya fayilo. Madzulo amodzi zatha. Musalipire munthu wapakati kuti akuchitireni zimenezi, chifukwa imelo yomwe yalembedwa pa fayiloyo iyenera kukhala yanu, yomwe mumatsegula tsiku lililonse.

Chomwe ambiri sakuuzani n'chakuti SAQA sikhutira ndi pepala lomwe mwaipatsa inuyo. Imafunsa kusukulu yomwe inakupatsani digiriyo kuti itsimikize, ndipo fayilo yanu siyenda mpaka yankho litabwera. Choncho liwiro la nkhani yanu silili ku Pretoria ayi, lili pa desiki inayake kumudzi.

Yanga inagona miyezi inayi. Ndikafunsa kuno, ankandiyankha mwaulemu kuti akudikira kwathu. Ndikaimba kwathu, foni inkangolira. Mapeto ake alamu anga anakwera minibasi mpaka kukoleji komwe ndinaphunzira, dzina ndisunge, n'kukapeza kuti kalata inapita ku imelo ya munthu yemwe anapuma ntchito kalekale. Panalibe wanjiru, panalibe wofuna ya fanta. Kalata inangogwera m'chitsime. Yankho analemba tsiku lomwelo alamu ali chiimire pomwepo, koma sukulu yomwe ndinkafuna inali itatseka kale kulandira mafomu. Chaka chathunthu chinapita chifukwa cha imelo imodzi.

Ndiye inu chitani chonchi. Musanalembetse n'komwe ku SAQA, fufuzani ku ofesi ya registrar kuti makalata otsimikiza maphunziro amayankha ndani, imelo yomwe ikugwira ntchito panopa ndi iti, ndiponso ngati pali ndalama yolipira kuti ayankhe. Masukulu ena amalipiritsa, ndipo sayankha mpaka risiti itaoneka. Kenako pezani munthu mmodzi kumudzi wokhala miyendo yanu. Asakhale mphwanu wa Fomu 2 wochita manyazi kugogoda pa ofesi. Akhale munthu wodziwa kupereka moni, kudikira pa benchi ndi kubweranso mawa lake osakwiya. Mulembereni kalata yomulola kukuimirirani, yosainidwa, mumupatse kope ya pasipoti yanu, nambala yomwe munkagwiritsa ntchito muli wophunzira, ndi chaka chomwe munamaliza. Ya thiransipoti ndi ya chakudya mutumizireni pa Mukuru asanapemphe. SAQA ikangosonyeza kuti yalembera kusukulu, munthu wanuyo anyamuke ndi nambala ya fayilo kukafunsa ngati kalata yafika. Pewani Disembala, pomwe maofesi mbali zonse ziwiri amakhala atapita kutchuthi.

Amene munaphunzira ku University of Malawi isanagawidwe, tcherani khutu. Mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo dzina la University of Malawi linatsalira ku Zomba. Bunda inali itachoka kale kupita ku LUANAR. Satifiketi yanu ikhoza kukhala ndi dzina limodzi pomwe malikisi anu akusungidwa kusukulu yomwe lero ili ndi dzina lina. Mlendo wowerenga pepala lanu sangalote zimenezi. Funsani msanga kuti ndi ofesi iti yomwe iyankhe za inu, ndipo polemba fomu tchulani koleji yeniyeni yomwe munaphunzira pamodzi ndi dzina lake latsopano.

Amene munaphunzira kuyunivesite zomwe si zaboma, SAQA imayang'ana ngati sukuluyo inali yovomerezeka kwathu pa nthawi yomwe munkalandira pepalalo. Kwathu nkhani zimenezi zili m'manja mwa National Council for Higher Education, NCHE. Ngati mtima ukukayika, funsani kumeneko musanalipire kalikonse kuno.

Tsopano konzekerani yankho. Mudzati, "Ine ndinakhala zaka zinayi pa yunivesite, ndiye ndili pa 8." Osati msanga. Ife timalowa yunivesite kuchokera Fomu 4 ndi MSCE, ndipo oyeza amayang'ana pomwe munayambira ndi kuya kwa zomwe munaphunzira, osati kuwerenga zaka pa zala. Mwa anzathu omwe ndawathandiza, ambiri digiri yawo inatuluka pa 7. Zimawawa, makamaka ngati munali katswiri m'kalasi. Njira yodandaula ilipo ngati muli ndi umboni weniweni, monga ndondomeko ya maphunziro yosonyeza kafukufuku yemwe munachita, koma musataye chaka china pomenyera ulemu.

Ndipo musayerekeze "kukonza" transcript kapena kugula pepala pakona. Lamulo la NQF lomwe linasinthidwa mu 2019 limati kunama za maphunziro ndi mlandu woti munthu n'kukhala kundende mpaka zaka zisanu, ndipo poti SAQA imafunsa kwa eni ake, bodza lotere silifika patali.

4. Ikatuluka 7

Musakhumudwe, msewu wake ndi wodziwika. Mumayamba ndi postgraduate diploma ya za bizinesi, yomwe ena amati PGDip, ena PDBA. Ili pa 8, ili ndi ma credit 120, ndipo nthawi zambiri imatenga chaka chimodzi. Masukulu ambiri anaikonza ngati khonde lolowera ku MBA yawo. Musanalembetse, funsani mafunso awiri ndipo yankho libwere pa imelo: malikisi ofunika kuti mupitirire ku MBA ndi angati, ndipo kodi maphunziro ena a PGDip adzawerengedwa ku MBA kuti nthawi ndi fizi zichepe? Kungokhoza pamzere nthawi zambiri sikukwanira. Ine ndimati PGDip ndi dalitso lobisika, chifukwa ndalama zikakutherani pakati mumatuluka ndi pepala m'manja m'malo motuluka chimanjamanja.

Ngati muli ndi dipuloma yokha, ndiye pali sitepe ina patsogolo pake, advanced diploma, yomwe ili pa 7. Palinso khomo lotchedwa RPL, loti munthu wopanda mapepala okwanira koma wa zaka zambiri pa udindo waukulu alowe poonetsa umboni wa ntchito yake. Khomoli ndi lopapatiza: malamulo salola kuti olowera pamenepo apyole mmodzi mwa ophunzira khumi aliwonse. Amene muli ndi ACCA kapena CIMA, lemberani sukulu yomwe mukuifuna ikuuzeni momwe imawerengera mapepala amenewo, chifukwa masukulu sachita mofanana.

5. Sankhani sukulu ndi mapazi, osati ndi maso okha

Wits Business School ili ku Parktown ndipo inayamba mu 1968. GIBS ndi ya University of Pretoria koma ili ku Illovo, pakati pa Rosebank ndi Sandton. Inatsegulidwa mu 2000. University of Johannesburg ili ndi Johannesburg Business School. Henley Business School Africa ili ku Paulshof ndipo ndi nthambi ya University of Reading ya ku England. Sukulu ya utsogoleri wa bizinesi ya Unisa ili ku Midrand. Palinso zomwe si zaboma monga Regenesys ku Sandton, Milpark, ndi MANCOSA yomwe likulu lake lili ku Durban, zomwe zimakopa anthu ofuna kuphunzira akugwira ntchito kapena pa intaneti.

Sindikuuzani yoposa inzake, chifukwa yoyenera mkulu wa kubanki si yoyenera mayi wa malole atatu opita ku Blantyre. Koma iliyonse yomwe mwaiganizira, onani kuti pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi Council on Higher Education ndipo ili ndi nambala yake ku SAQA. Ngati sukuluyo si yaboma, dzina lake lipezeke m'kaundula wa Department of Higher Education and Training, yemwe aliyense angamuone pa intaneti. Zilembo monga AMBA, EQUIS ndi AACSB ndi zidindo zakunja, zothandiza ngati mukulota zodzagwira ntchito kutsidya kwa nyanja. Sukulu yokuimbirani kasanu pamlungu kuti mulipire lero "mtengo usanakwere", osafunsa n'komwe za SAQA yanu, muzikumbukira chikomekome cha mkuyu.

Kenako pitani kumeneko pa ola lomwe kalasi imatuluka. MBA imayendera magulu ang'onoang'ono otchedwa syndicate, anthu ochepa omwe mumachitira limodzi ntchito, ndipo misonkhano yawo imatha usiku. Ngati mulibe galimoto ndipo mumakhala ku Rosettenville kapena ku Cosmo City, mudzafika bwanji kunyumba 10 koloko? Sitima ya Gautrain sikhala ikuyenda usiku wonse, ndipo sifika kulikonse. Ndaona anthu anzeru akusiya sukulu osati chifukwa cha masamu, koma ulendo.

6. Mayeso olowera

Masukulu ena, monga GIBS, ali ndi mayeso awoawo. Ena amalandira mayeso okonzedwa ndi bungwe lakunja otchedwa GMAT kapena NMAT, ena safuna mayeso konse. Musalipire GMAT musanafunse, chifukwa ndi ya madola ndipo mwina sukulu yanu siyikuifuna.

Ngati ikufunikadi, dziwani kuti inasintha kumapeto kwa 2023. Panopa ili ndi zigawo zitatu za mphindi 45 chilichonse: masamu, kumvetsa ndi kusanthula nkhani za m'Chingerezi, ndi kuwerenga matebulo ndi magirafu. Malikisi amayambira 205 kulekeza 805, ndipo amagwira ntchito zaka zisanu. Buku lakale lomwe mwabwereka kwa mnzanu likhoza kukuphunzitsani zomwe zinachotsedwa. Masamu ake si ozama kuposa a kusekondale, koma m'chigawo cha masamu mulibe kakyuleta ndipo wotchi sidikira. Ife tinazolowera kulemba njira yonse bwinobwino kuti aphunzitsi atipatse malikisi a njira. Apa amangofuna yankho, msanga. Dzipatseni miyezi iwiri kapena itatu ya ola limodzi patsiku, wotchi ili patebulo. Ndipo kalembereni kumalo olembera mayeso, osati kunyumba, pokhapokha mukukhulupirira magetsi ndi intaneti ya m'dera lanu kuposa mmene ine ndimakhulupirira yanga.

7. CV, nkhani yanu, okuchitirani umboni, intavyu

Masukulu amafuna zaka zogwira ntchito, kawirikawiri zitatu mpaka zisanu malinga ndi sukulu, ndipo ena amafuna kuti zina mwa zakazo mukhale mutayang'anira anthu kapena ndalama. Apa ambiri a ife timagwetsa nkhope, chifukwa tinabwera ndi digiri koma ntchito yoyamba inali yoperekera zakudya kapena ya ulonda. Musabise, koma lembani chomwe munkasenza. Ngati mumayang'anira anthu 12 pa shifiti mu lesitilanti, mumakonza ndandanda ya ntchito ndipo mumatseka kaundula wa ndalama usiku, umenewo ndi utsogoleri, ulembeni ndi manambala ake. Ngati muli ndi bizinesi yanu, saluni kapena shopu yosoka, umboni wake ndi mapepala a CIPC (ofesi yolembetsako makampani), a msonkho ku SARS ndi masitetimenti a kubanki. Zaka zomwe munagwira kumudzi musanabwere zimawerengedwanso. Pezani kalata kwa omwe anakulembani ntchito.

Nkhani yofotokoza chifukwa chomwe mukufunira MBA si kalata yopempha thandizo kwa abwana a bungwe lachifundo. Ndawerenga zambiri zoyamba ndi "ndinabadwira m'banja losauka, ndinkayenda wopanda nsapato". N'zoona, enafe tinayendadi choncho, koma owerengawo akufuna kudziwa chomwe mudzabweretse m'kalasi ndi komwe mukupita mukamaliza. Tinaleredwa kuti kudzitchula n'kudzikweza, ndiye timalemba "tinachita", "tinakwanitsa". Apa nenani chomwe munachita inuyo. Sankhani vuto limodzi lenileni la kuntchito, momwe munaliganizira, chomwe munalakwitsa, ndi chomwe chinasintha. Munthu wodziwa momwe katundu amadutsira pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza ali ndi chuma chomwe anzake a ku Sandton alibe. Ndipo lembani nokha. Nkhani yolembetsa imaonekera pa intavyu, akakufunsani chiganizo chomwe simukuchikumbuka.

Okuchitirani umboni akhale anthu omwe anaona ntchito yanu: bwana wanu, kasitomala wamkulu, kapena mphunzitsi wakale ngati sukulu yatero. Abusa ndi amalume asiyeni, ngakhale amakukondani. Masukulu ambiri amatumiza fomu ku imelo ya munthuyo mwachindunji, ndiye muchenjezeni aziyang'ananso mu spam, ndipo muzimukumbutsa mwaulemu. Fomu yanu imaoneka yosakwanira mpaka iye atayankha.

Pa intavyu, ulemu wathu woyang'ana pansi ndi kuyankha motsitsa mawu kuno amauwerenga ngati mantha. Yang'anani wofunsayo, yankhani funso lomwe lafunsidwa, ndipo akakutsutsani musangoti "zoona, bwana". Akufuna aone ngati mungaime pa mfundo yanu popanda kukwiya.

Tumizani fomu msanga. Masukulu ambiri amasankha anthu mafomu akamafika, ndipo tsiku lotsekera la ophunzira akunja nthawi zina limabwera msanga kuposa la eni dziko. Ngati SAQA ikuchedwa, funsani ngati angalandire umboni woti munalembetsa pomwe mukudikira. Ena amalola, koma yankho likhale lolembedwa.

8. Viza

Kalata yoti mwalandiridwa si chilolezo chokhala m'dziko. Ngati muli ndi permanent residence, gawo lino silikukukhudzani. Ngati muli ndi viza ya ntchito ndipo mukufuna kuphunzira madzulo kapena kumapeto kwa mlungu, lemberani ofesi ya ophunzira akunja ya sukuluyo, muwatumizire kope ya viza yanu, akuyankheni ngati angakulembetseni nayo.

Ngati mukubwera kudzaphunzira basi, mukufunika study visa. Pasipoti yathu imatilola kulowa masiku 30 ngati alendo, koma simungasinthe chidindo cha mlendo kukhala study visa muli muno. Mumafunsira kwathu, kudzera ku South African High Commission ku Lilongwe. Pakati pa zomwe amafuna pali kalata ya sukulu, umboni wa ndalama, kalata ya kupolisi yoti mulibe mlandu, ndi medical aid yolembetsedwa m'dziko lino. Ya kumudzi sawerengera, ndipo sukulu nayonso idzafuna kuiona pa tsiku lolembetsa. Kalata ya kupolisi imatenga nthawi, iyambeni mukangolandiridwa. Study visa imalola ganyu yosapyola maola 20 pamlungu, choncho musakonze bajeti ngati mudzagwira ntchito yonse.

Ndinene mosabisa kwa abale omwe masiku anawathera. Sukulu yovomerezeka sikulembetsani popanda viza yamoyo, ndipo wopyola masiku akamatuluka pa chipata amaletsedwa kubweranso kwa chaka chimodzi mpaka zisanu. Musapereke ndalama kwa wokulonjezani sitika yachidule. Onanani ndi loya wa za immigration weniweni musanalipire fizi iliyonse.

9. Ndalama

M'masukulu akuluakulu aja MBA yonse imapyola R200 000 ndithu, ndipo ngati mwadzera ku PGDip muwonjezerepo yake. Pemphani pepala la mtengo wonse mufunse chomwe sichili m'katimo: mabuku, laputopu, ndi ulendo wakunja womwe mapulogalamu ena amakhala nawo, womwe pasipoti yathu ingafune viza yakeyake.

Pali pangano la SADC la maphunziro lomwe linasainidwa mu 1997 ku Blantyre kwathu komwe, loti ophunzira a m'chigawo chino azilipira fizi ngati eni dziko. Tchulani kuti ndinu a SADC ndipo funsani ngati mtengo womwe akupatsani ndi umenewo. Komabe pakhoza kukhala ndalama ina yapadera ya ophunzira akunja, ndipo mayunivesite ena amafuna kuti mlendo alipiretu gawo lalikulu la chaka asanalembetse, pomwe mnzanu wakuno akulipira mwezi ndi mwezi. Zimenezi muzidziwe mu Ogasiti, osati pa windo mu Januwale.

NSFAS, ndalama za boma zothandizira ophunzira pa fizi, iwaleni, si ya alendo ndipo si ya masters. Mabanki ambiri amafuna wokuimirani yemwe ndi nzika kapena wokhazikika kuno. Njira yomwe ndaona ikuthandiza ambiri ndi kampani yomwe mukugwirako. Pemphani msanga, bajeti ya chaka chamawa isanatsekedwe, ndipo werengani bwino pangano lake, chifukwa nthawi zambiri limakumangani kuti mugwire zaka zingapo mukamaliza, apo ayi mubweze. Ngati mukudalira kugulitsa puloti kumudzi, kumbukirani Novembala 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, komanso kuvuta kopeza ndalama zakunja m'mabanki akwathu. Fizi ya marandi isungidwe m'marandi. Chipereganyu chimathandiza pa dipoziti, koma pemphani kuti mulandire mwezi womwe kalata yolandiridwa ikuyembekezeka, chifukwa kalatayo imabwera ndi tsiku lomaliza kulipira, ndipo mukaphonya malo amapatsa wina.

Gawo lomaliza la bajeti lili kumudzi. Kwa zaka ziwiri kapena zitatu ndalama yomwe mumatumiza idzachepa, ndipo ndi bwino amve kwa inu nthawi ilipo kusiyana n'kuti azingoona foni yawo ili zii pa 30. Ine ndinawaimbira amayi mu Okutobala, ndinawauza kuti chaka chimenecho feteleza ndigula matumba awiri m'malo mwa anayi, ndipo fizi ya mphwanga tigawana ndi achimwene a ku Mzuzu. Anakhala chete kanthawi, ine mtima uli m'mwamba. Kenako anafunsa ngati kusukulu yodula chonchoyo amapereka nsima masana.